Skolashipu ya kumadera akutali ku Australia: yambani mwafufuza kampasi

Mukamafuna thandizo la ndalama lophunzirira kunja kwa mizinda ikuluikulu ya ku Australia, musangoyang'ana dzina la yunivesite. Fufuzani kampasi yeniyeni imene kosi yanu imaphunzitsidwa. James Cook University ili ku Townsville ndi ku Cairns, koma ilinso ndi nthambi ku Brisbane, ndipo Brisbane si dera lakutali.

Ambiri amasokonezeka ndi Perth ndi Adelaide. Pa nkhani ya viza mizinda iwiriyi imatchedwa "regional" (kutanthauza madera a kunja kwa mizinda ikuluikulu), pomwe bungwe la boma loona za ziwerengero la Australian Bureau of Statistics limaiika m'gulu la mizinda ikuluikulu. Funsani ofesi ya skolashipu kuti ikutsata tanthauzo liti, ndipo yankho likhale lolembedwa.

Za Destination Australia, skolashipu ya boma la Australia ya ophunzira kumadera akutali imene inkapereka mpaka madola a ku Australia 15,000 pachaka, boma linasiya kuikamo ndalama zatsopano mu 2024, ngakhale masamba ena akale akuitchulabe. Funsani za skolashipu za yunivesiteyo.

Mukapeza skolashipu, musachepetse maphunziro a pa semesita kapena kusamuka musanauze ofesi ya skolashipu. Malipiro amatha kuimitsidwa. Sungani pepala la lendi ngati umboni wa komwe mukukhala.