Pulasitala ikalimba sikuti yauma: lekani kuthamangira utoto

Mwezi wa Malichi uno maluwa akutchire ali mbwee m'mbali mwa misewu yotuluka mu Lusaka, ndipo amene mumapanga zithunzi zotumphuka podinda maluwa padongo n'kuthirapo phala la plaster of Paris (pulasitala, ufa woyera umene umalimba ukasakanizidwa ndi madzi) mwatanganidwa. Koma zambiri zimene zikufika pamsika chaka chino zili ndi vuto limodzi: utoto ukusupuka, kuseri kwamera nkhungu yakuda, ndipo pamene pali waya wokolekera patuluka banga lofiira. Pulasitala yake ilibe mlandu. Mukupaka utoto ndi vanishi chinthu chidakali ndi madzi m'kati.

Tiyeni tiwerengetse. Pa kilogalamu imodzi ya ufa wa pulasitala mumathira madzi pafupifupi mamililita 700 kuti phala lake liyende bwino n'kulowa m'timizere tonse timene duwa lasiya padongo. Pa madzi amenewo, amene ufawo umamwa kuti usanduke mwala ndi ochepera mamililita 200. Otsalawo, pafupifupi theka la lita, amangokhala m'timabowo ta m'kati kudikira kutuluka ndi mpweya. Pakatha mphindi 30 chinthucho chimatentha, chimalimba, mukachigogoda chimalira ngati chatheka. Chalimba, inde. Kuuma n'kwa masiku. Ndiye inu mukubwera ndi utoto wa acrylic, pamwamba vanishi, kumbuyo thabwa lomata ndi guluu. Theka la lita lija lituluke potani?

Limatulukabe, mwa njira yake. Chinyezi chimakankha utoto mpaka uchite matuza. Thabwa la MDF, lija la utuchi wopanikiza, limamwa madziwo, limafufuma n'kupindika, ndipo pulasitala, imene sidziwa kupindika, imang'aluka pakati. Waya wachitsulo wamba amachita dzimbiri, ndipo dzimbiriro limayenda mpaka kuonekera kutsogolo, pa duwa penipeni. Nsalu, ulusi kapena udzu wouma umene mwamatapo kuti chithunzi chikongole ndi chakudya cha nkhungu. Zonsezi sizioneka tsiku logulitsa. Zimaoneka patapita milungu iwiri kapena itatu, chithunzi chili pakhoma m'nyumba ya mwini wake. Ufa, utoto, felemu ndi ndalama ya basi zapita, komanso wogulayo sadzabweranso, ndipo adzauza anzake.

Ndikudziwa chimene chimakuthamangitsani. Mwathira Lachisanu, mukufuna kukagulitsa pamsika wa pa Sondo ku Arcades. Nyengo yotentha ya Okutobala mwina mukanapulumuka. Pano mpweya udakali wonyowa, ndipo chipande chokhuthala masentimita awiri chimatha kutenga mlungu wathunthu kapena kupitirira. Nthawi imene maluwa achuluka ndi yomweyo imene pulasitala imachedwa kuuma, choncho za pa Sondo lino zinayenera kuthiridwa mlungu watha.

Chimene chimanditopetsa kwambiri ndi zizolowezi zochokera ku simenti. Alipo ena amene amawaza madzi pachithunzi m'mawa uliwonse ngati mmene amachitira ndi mabuloko, akuti chikhwime. Pulasitala si simenti! Ikalimba yamaliza kumwa, ndipo madzi owonjezera amangoifewetsa n'kufafaniza timitsempha ta masamba timene munavutikira. Ena akamva kuti iume, amaiika pafupi ndi mbaula kapena pamalata dzuwa lili paliwombo. Kutentha kopitirira madigiri 50 kumayamba kuchotsa ngakhale madzi aja amene anamanga mwalawo, pamwamba pamasanduka ufa, ndipo utoto sugwiranso.

Bambo wina wa ku Chongwe, mlimi wa chimanga amene akazi ake amapanga zithunzi zimenezi, anaimvetsa nkhaniyi msanga kuposa aluso ambiri. Ataona chithunzi chachita nkhungu m'pulasitiki, anati ndi zomwe zimachitika ukasokera chimanga m'thumba chisanaume: kunja chimaoneka bwino, ukadzatsegula wapeza chawola. Iwo chimanga amachiluma kaye kuti amve ngati chikuthetheka, ndipo amadziwa kuti FRA, bungwe la boma logula chimanga, imafuna chinyezi chisapitirire 12.5 peresenti. Anatenga sikelo ya kukhitchini n'kuyamba kuyeza chipande chilichonse m'mawa, kulemba kulemera kwake kumbuyo ndi pensulo. Njira yoposa imeneyo palibe. Kulemera kukamatsika tsiku ndi tsiku, madzi adakatuluka. Kukaima masiku awiri otsatizana, chauma.

Za kudinda maluwa padongo, kuwachotsa ndi kumanga chikombole mukuzidziwa kale, sindibwerezanso. Kungoti samalani ndi duwa lakutchire lotchedwa flame lily: ndi wokongola koma ndi poizoni, makamaka chitsa chake, ndiye sambani m'manja ndipo ana asamugwire.

Chochita n'chochepa. Yezani madzi ndi ufa pasikelo, osati ndi maso, chifukwa phala lamadzimadzi limachedwa kuuma ndipo limatuluka lofooka. Thirani ufa m'madzi, osati madzi mu ufa, dikirani mphindi ziwiri musanatakase. Mukachotsa chithunzi padongo, chitsukeni kamodzi ndi burashi yofewa, kenako chiimikeni chotsamira kapena pa timitengo tiwiri kuti mphepo ipite mbali zonse, pamthunzi, pafupi ndi zenera lotsegula. Ngati magetsi alipo, fani imathandiza kuposa dzuwa. Amene mulibe sikelo, gunditsani kumbuyo kwake patsaya: chikazizira, chidakali chonyowa. Waya wokolekera akhale wa galvanised (wokutidwa kuti asachite dzimbiri) kapena wamkuwa, ndipo m'kati mwa phalalo muikemo kachidutswa ka saka kuti chilimbe. Chikauma, pakani kaye guluu woyera wa matabwa (PVA) wosungunula, gawo limodzi la guluu pa magawo atatu kapena anayi a madzi, dikirani tsiku limodzi, ndiyeno utoto wopyapyala. Kumbuyo musapake vanishi, ndipo pokulunga gwiritsani ntchito pepala, osati pulasitiki.