Matailosi kapena vinyl? Yambani mwaona simenti yanu

Ambiri tikafika pokonza pansi m'nyumba timathamangira maonekedwe, wina akuti ndikufuna zooneka ngati matabwa, wina zoyera zonyezimira, koma nkhani yeniyeni ili pa simenti yomwe muikepo zinthuzo. Ngati ndi yatsopano musapupulume, masiku 28 amene timadikira tikaika simenti ndi ongoti ilimbe basi, kuuma mpaka mkati kumatenga nthawi yoposa pamenepo. Tengani pepala la pulasitiki mulimate pansi ndi selotepi mbali zonse, mudikire tsiku limodzi kapena awiri. Mukamatula n'kupeza kunsi kuli timadontho kapena simenti yada, za vinyl ziiwaleni kaye. Vinyl ndi pulasitiki wa PVC, madzi otayikira pamwamba samulowa inde, koma chinyezi chochokera pansi chimasowa potulukira nde guluu amamatuka, chuku n'kuyamba kunsi inu osadziwa mpaka fungo litakupezani.

Onaninso ngati pansi pali posalala. Gonekani thabwa lowongoka la mamita 2, mpata ukaposa mamilimita 3 pakufunika kusalaza. Vinyl ndi wopyapyala, olo kamwala kakang'ono katsale kunsi kadzaonekera ndithu. Tailosi nayo ikakhala ndi mphako kunsi imalira ngati ng'oma mukagogoda, ndipo tsiku lina idzasweka, n'chifukwa chake mmisiri wopaka simenti yomatira mwa timadontho m'makona mokha musamulole, azipaka paliponse.

Tsopano chipinda ndi chipinda. Kubafa, kukhitchini ndi pakhonde ine ndimati matailosi, makamaka a porcelain chifukwa madzi amene amamwa safika ndi 0.5 peresenti yomwe ya kulemera kwake, pomwe a ceramic wamba amamwa ochulukirapo. Koma chonde kubafa osaika onyezimira aja, akanyowa amaterera koopsa ndipo ovulala amakhala ana ndi okalamba. Funsani okhakhala, pabokosi pakhale R10 kapena R11, manambala osonyeza kusaterera kwa tailosi. Onaninso nambala ya PEI, yosonyeza kulimba kwa pamwamba pa tailosi kuti isaperepeseke, poyenda anthu tsiku lililonse ikhale 3 kapena 4.

Kuchipinda chogona vinyl ndi bwino, sazizira kumapazi, sapanga phokoso, mwana akagwa sizifanana ndi kugwera pa tailosi, ndipo kuika kwake n'kwachangu makamaka amene amangolumikizana okha opanda guluu. Pogula musangoona kukhuthala kwake konse, funsani za kachikopa kapamwamba komwe kamaperepeseka poyenda, mamilimita 0.3 ndi okwanira kuchipinda koma podutsadutsa anthu bola 0.5. Mabokosi akhale m'chipindamo maola 48 musanaike kuti azolowere kutentha kwa momwemo. Zomwe vinyl sagwirizana nazo ndi moto, ayironi kapena poto wotentha amasiya chipsera chosachoka, dzuwa lowomba pamalo amodzi limamusulutsa, kukoka firiji kumamung'amba.

Pa ndalama musawerengere bokosi lokha. Matailosi amafuna simenti yomatira, grout (yotsekera mipata ya pakati pa matailosi) ndi mmisiri wodziwa, nde poyamba amapweteka m'thumba, koma akaikidwa bwino amatha zaka makumi angapo, pomwe vinyl nthawi zambiri pakadutsa zaka 10 mpaka 20 amafuna kusintha. Ngati nyumbayo ndi yanu ndipo simukusamuka, ganizirani zimenezo.

Chilichonse mwasankha gulani choonjezera ndi 10 peresenti, zina zimaonongeka podula, ndipo mabokosi onse akhale a batch imodzi, opangidwa nthawi imodzi kufakitale, chifukwa mitundu imasiyanako pang'ono. Zotsala musungeko, tailosi imodzi ikadzasweka patsogolo mtundu umenewo mwina sudzapezekanso.