Momwe mungayendere Otter Trail osasiya foni mu mtsinje wa Bloukrans

Otter Trail ndi ulendo wapansi wa masiku asanu m'mbali mwa nyanja yamchere ku South Africa, m'chigawo cha Tsitsikamma cha Garden Route National Park. Umayambira ku Storms River Mouth n'kukathera ku Nature's Valley, mtunda wa makilomita pafupifupi 45. Njirayi anaitsegula mu 1968, ndipo dzina lake linachokera kwa akatumbu amene amakhala m'mitsinje ya kumeneko. Nambala 45 imeneyo isakunamizeni. Njira yake ndi yokwera chitunda, kutsikira kugombe, kudumpha miyala, kukweranso, tsiku lonse, chakudya cha masiku asanu chili kumsana. Ine ndinaumaliza ulendowu, koma foni yanga inathera panjira.

Poyambira ndi kupeza malo. Patsiku amalola anthu 12 okha, chifukwa pamalo ogona paliponse pali tinyumba tiwiri, kalikonse ka mabedi asanu ndi limodzi. Malo mumasungitsa ku SANParks, bungwe loyang'anira mapaki a dzikolo, ndipo anthu amalimbirana kutatsala pafupifupi chaka chathunthu. Njira yachidule ilipo: ambiri amene anasungitsa kalekale amadzalephera, malo awo n'kubwerera pa intaneti. Ngati muli awiri kapena anayi, muzisuzumira pafupipafupi, mudzapeza mpata. Koma amene amalengeza m'magulu a pa intaneti kuti ali ndi malo otsala, muyambe mwatumiza theka la ndalama, asiyeni. Ena ndi oona, ena akalandira amazimitsa foni. Dzina lanu lioneke kaye pa chikalata cha malowo.

Kupatula mtengo wa ulendo, pali ndalama ya tsiku ndi tsiku yosamalira paki. Amene ali ndi pasipoti ya dziko la mu SADC amalipira yocheperapo kusiyana ndi alendo akutali, choncho pasipoti isatsale. Amafunanso fomu ya zaumoyo yosainidwa ndi dokotala, ndipo mwana wosakwana zaka 12 salowa.

Musanasankhe tsiku, yang'anani mwezi kumwamba. Ndikunena zoona. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa kumene, nyanja imaphwa kwambiri, ndipo ku gombe limeneli nthawi yoteroyo imaphwa chakummawa, cha m'ma 9 kapena 10 koloko. Yesetsani kuti tsiku lanu lachinayi ligwere pamenepo. Chifukwa chake muchimva pansipa.

Za mayendedwe sinditayapo nthawi. Ndege imatera ku George kapena ku Gqeberha, kenako msewu wa N2. Poti njirayi siibwerera pomwe munayambira, siyani galimoto ku Nature's Valley, mupeze wokutengani kupita koyambira. Gwirizanani mtengo wa ma rand musanakwere, ndipo mufunsitse ngati ndi wa munthu mmodzi kapena wa galimoto yonse. Ife tinamva mtengo wokoma pa foni, pofika n'kupeza kuti amauchulukitsa ndi mitu yathu inayi. Timabotolo ta gasi wophikira salola mu ndege, mukagule m'tauni ya Plettenberg Bay.

M'tinyumba muli matiresi, chimbudzi chili panja, shawa ndi ya madzi ozizira, pali malo owotchera nyama komanso mathanki a madzi amvula. Magetsi mulibe, mapoto mulibe. Zina zonse mumadziwa kale. Chimene ndingatsindike ndi nsapato zomwe munaziyendera kale, tochi yovala pamphumi yokhala ndi mabatire ena apadera, ndi thumba lalikulu la pulasitiki yochindikala lomwe amalitcha survival bag, pamodzi ndi ma cable tie angapo, timalamba ta pulasitiki tomangira. Madzi a m'mitsinje ndi ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka chifukwa cha zomera za kumeneko zotchedwa fynbos zomwe amadutsamo. Si litsiro, koma ponyanimo kapilisi koyeretsera madzi.

Masiku atatu oyamba mumangotsata mapazi a katumbu opakidwa utoto wachikasu pamiyala ndi pamitengo. Tsiku loyamba ndi makilomita osakwana asanu kukafika pamalo ogona a Ngubu, kudutsa phanga ndi mathithi amene amagwera m'dziwe pafupi ndi nyanja. Sambani pamenepo, nthawi ilipo. Tsiku lachiwiri, la ku Scott, ndi lomwe limathyola miyendo ndi zitunda, ngakhale ndi makilomita asanu ndi atatu okha. Mukafika pa thanthwe la Skilderkrans tulani chikwama mukwere, ife tinaona ma dolphin kuchokera pamenepo. Lachitatu ndilo lokoma kuposa onse, mumawoloka mitsinje ya Elandsbos ndi Lottering n'kukagona ku Oakhurst. Chakudya musasiye panja, anyani a kumeneko amadziwa zipi.

Tsopano tsiku lachinayi. Ndi makilomita pafupifupi 14 kukafika ku André, ndipo mukayenda 10 mumapeza mtsinje wa Bloukrans pomwe umathira m'nyanja. Mlatho palibe. Mlatho wotchuka uja, wa mamita 216 womwe anthu amadumphirapo atamangidwa chingwe, uli kumtunda, sungakuthandizeni. Mtsinjewu umawolokeka nyanja ikaphweratu, ndipo mpata wake ndi waufupi, mwina theka la ola mbali iyi ndi theka la ola mbali inayo. Polembetsa tsiku loyamba mumaona ndandanda ya nthawi zomwe nyanja imaphwa, tide table. Nyanja imaphwa kawiri patsiku, ndipo tsiku lililonse nthawiyo imasunthira kutsogolo ndi mphindi pafupifupi 50.

Apa ndi pomwe ndinalakwitsa. Ndinayang'ana mzere wa tsiku lomwe tinayamba ulendo, ndinaona 7 koloko m'mawa, ndinalemba padzanja, basi nkhani yatha. Sindinaganize kuti tikafika pa mtsinjewo patapita masiku atatu, pomwe nthawiyo idzakhala itasuntha ndi maola awiri ndi theka. Anzanga atatu anandikhulupirira chifukwa ndine ndinkaoneka wodziwa. Tinadzuka 2 koloko usiku, tinayenda ndi matochi m'nkhalango ndi m'mphepete mwa maphompho, mafunde akungomveka pansi osawaona. Anthu ena asanu ndi atatu amene tinali nawo pa ulendowo anali akuliza mkonono pomwe tinkanyamuka, ine n'kumawamvera chisoni mumtima.

Tinafika cha m'ma 7:30. Madzi anali tho, mchenga wosaoneka, mafunde akulowa m'kamwa mwa mtsinje. Mutu wanga unandiuza chinthu chimodzi: tachedwa, nyanja yayamba kudzaza, tikadikira ziipiraipira. Zoona zake zinali zosiyana. Tinafulumira, madzi anali akutsika. Ndikanangobaya kamtengo m'mphepete mwa madzi n'kukhala pansi mphindi khumi, ndikanaona ndekha kuti akubwerera. Kapena kungotulutsa pepala lija m'chikwama. Mantha sawerenga pepala.

Tinalowetsa zikwama m'mathumba n'kumanga. Langa ndinagula kwa munthu wina wa pa intaneti amene ankagulitsa atatu pa mtengo wa limodzi, ndipo pulasitiki yake inali yopyapyala ngati ya zinyalala. Nditalowa, madzi anafika m'chiuno, kenako pachifuwa, kenako phazi linasowa pansi. Kuzizira kwake kumatseka mpweya. Choopsa pamene nyanja ikuphwa ndi chakuti madzi onse a mumtsinje amathamangira kunja, ndiye amakukoka. Ndinkasambira ndi dzanja limodzi, lina litagwira thumba, ndikuona thanthwe lomwe ndinkalifuna likundidutsa kumanja. Funde linandiponyera pamwala wina wakuthwa, thumba linang'ambika kuchokera pakamwa mpaka pansi, ndipo ndinamva chikwama chikulemera m'dzanja ngati mwana wa ng'ombe. Mnzanga amene anali atakwera kale anandigwira lamba wa chikwama n'kundikoka. Bondo linali magazi okhaokha, chogonera chinamwa madzi, foni yomwe ndinaika m'thumba lapamwamba la chikwama inangothwanima kamodzi n'kuzima.

Tinakhala pamwala tsidya lija tikuyanika katundu. Cha m'ma 9:30 anthu aja a mkonono anatulukira, atagona mokwanira, atamwa ndi khofi. Madzi anali atabwerera, mchenga uli poyera. Anavula nsapato, anasenza zikwama pamutu, anawoloka madzi akuwalekeza m'ntchafu. Mayi wina wachikulire anatifunsa ngati tinagona pomwepo.

Ndiye chitani izi. Pa tide table pezani deti la tsiku lachinayi, mulizungulize ndi cholembera, wina aonenso. Kuchoka ku Oakhurst werengerani maola asanu kapena asanu ndi limodzi, onjezani lina ngati mukuyenda mumdima. Mukafika msanga khalani pansi mudye. Thumba gulani lochindikala m'sitolo ya zida za maulendo, muliyese m'bafa kunyumba, ndipo pomanga pindani pakamwa pake kawiri musanakoke cable tie, musiyemo mpweya pang'ono kuti liyandame. Foni ndi chogonera zikhale m'timatumba tawo m'kati. Wolokani mutavala nsapato zopepuka, miyala ya tsidya linalo imacheka. Musawoloke chikwama chili kumsana malamba atamangidwa. Wodziwa kusambira ayambe wopanda katundu kukaona potulukira. Ngati kumtunda kwagwa mvula yambiri, kapena mwaphonyadi nthawi, pafupi ndi mtsinjewo pali njira yothawira yokwera phiri, mukafika pamwamba mumaimbira oyang'anira paki. Kukwera kwake n'kowawa, koma n'chifukwa chake anaiika.

Mukawoloka kwatsala makilomita anayi kukafika ku André, okwera ndithu. Tsiku lachisanu mumakwera kamodzi kwamphamvu m'mawa, kenako ndi pamwamba pathyathyathya m'kati mwa fynbos mpaka mutaona gombe la Nature's Valley pansi panu. Tsikani, yendani pamchenga, kalembetseni kuti mwatuluka, mulandire satifiketi. Makiyi a galimoto akhale malo amene mukuwakumbukira. Athu anali m'chikwama changa chonyowa chija, ndipo rimoti yake inakana kutsegula.