Mmene mungayezere kumamatira kwa maselo a T pa ICAM-1

Selo ya T, imodzi mwa maselo oteteza thupi ku matenda, ikamayenda m'magazi, puloteni yake yogwirira, LFA-1, imakhala yopindika ndipo sigwira kanthu mpaka italamulidwa kuchokera m'kati mwa selo. Lamulolo limayenda chonchi: chemokine (puloteni yoitana maselo) monga CXCL12 imagwira cholandirira chake, CXCR4, pakhungu la selo, CXCR4 n'kudzutsa puloteni ya m'kati yotchedwa Gαi, uthenga n'kufika pa ina yotchedwa Rap1, kenako mapuloteni a talin-1 ndi kindlin-3 amagwira mchira wa LFA-1 umene uli m'kati. Apo LFA-1 imawongoka n'kugwira ICAM-1, puloteni ya pakhoma la mtsempha wa magazi. Muyeso uli m'munsiwu umaonetsa ngati maselo akumamatira, koma phindu lake lenileni ndi lakuti umaloza pamene uthenga wadukira.

Tengani puleti ya timaenje 96 ya pansi pophwatalala. M'kadzenje kalikonse thirani 50 µl ya ICAM-1-Fc (ICAM-1 yopangidwa mu labotale) yosungunula mu PBS (madzi a mchere okhala ndi phosphate) pa mlingo wa 3 µg/ml, ndipo igone mufiriji pa 4°C. Siyani timaenje tina topanda ICAM-1. M'mawa tsukani kawiri, muthire BSA (puloteni yophimba pulasitiki yotsala) ya 1% m'timaenje tonse kwa ola limodzi. Mukalumpha BSA, maselo amamatira papulasitiki penipeni ndipo manambala onse amakwera mofanana.

Gwiritsani ntchito maselo a T ochokera m'magazi a tsiku lomwelo. Apatseni calcein-AM, utoto wowalitsa maselo amoyo, 2 µM, kwa mphindi 30 pa 37°C mumdima, muwatsuke kawiri. Kenako aikeni m'madzi a HEPES (mankhwala osunga mlingo wa asidi kuti usasinthe) okhala ndi calcium 1 mM, magnesium 1 mM ndi BSA 0.1%. Pano PBS ayi, chifukwa manganese imene mudzapatse gulu lina la maselo ikakumana ndi phosphate imapanga nsenga zoyera n'kutha mphamvu. Kadzenje kalikonse kalandire maselo 100,000, ndipo gulu lililonse likhale ndi timaenje titatu.

Gulu loyamba musalipatse chilichonse. Lachiwiri lipatseni CXCL12, 100 ng/ml, kuti muyese njira yonse kuyambira pakhomo. Lachitatu lipatseni mankhwala a PMA, 50 ng/ml, amene amalumpha CXCR4 n'kukadzutsa puloteni ina yotumiza uthenga, protein kinase C, m'kati. Lachinayi lipatseni MnCl2 (mchere wa manganese), 1 mM. Manganese safunsa za m'kati, amawongola LFA-1 kuchokera kunja. Lomaliza lipatseni EDTA, 5 mM, yochotsa calcium ndi magnesium. Maselo otsala m'gulu limeneli sanagwire ndi LFA-1, choncho nambala yake ndiyo yochotsera pa zinazo.

Nthawi ndiyo imasokoneza ambiri. PMA ndi manganese zimafuna mphindi 20 mpaka 30 pa 37°C, koma mphamvu ya CXCL12 imakwera msanga n'kuzilala m'mphindi zochepa. Mukaidikirira theka la ola mudzanena kuti chemokine sinagwire ntchito, pamene inagwira kale n'kusiya. Choncho yambani mwakhazika maselo pansi pozunguza puleti pang'ono mu centrifuge (makina ozunguza), muthire CXCL12, mutsuke pakangotha mphindi zitatu. Puleti, madzi ndi maselo zonse zikhale zofunda, popeza selo yozizira situmiza uthenga wa m'kati.

Musanatsuke, werengani kuwala kwa calcein m'puleti yonse, kuwalitsa pa 485 nm n'kuwerenga pa 520 nm. Ndiyeno tsukani katatu ndi 100 µl ya madzi ofunda omwe aja, mukutsetseretsa madziwo pakhoma la kadzenje, osalozetsa pipeti pansi. Popopa madzi, nsonga izikhala mbali imodzimodzi nthawi zonse, ndipo atsuke munthu mmodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Yang'anani pa maikulosikopu mukangotsuka ulendo uliwonse: timaenje ta BSA yokha tikayera, lekani. Pakati pa kadzenje pakaoneka dazi lozungulira, madzi anagwa mwamphamvu. Werenganinso kuwala, mugawe kwachiwiri ndi koyamba, muchulukitse ndi 100 kuti mupeze peresenti ya maselo amene amamatira.

Ngati manganese ndi PMA zamatitsa maselo koma CXCL12 yalephera, vuto lili pa CXCR4 kapena Gαi. Mungadzionere nokha chithunzi chimenechi posunga maselo abwinobwino mu pertussis toxin, 100 ng/ml, kwa maola awiri, chifukwa poizoniyu amatseka Gαi. Ngati manganese yekha ndiye wagwira, LFA-1 ilipo koma lamulo silikufika pamchira wake. Umu ndi mmene amaonekera maselo a odwala LAD-III (matenda obadwa nawo olepheretsa maselo oyera a m'magazi kumamatira), amene alibe kindlin-3 yogwira ntchito chifukwa jini ya FERMT3 inawonongeka. Zonse zikalephera, musathamangire kunena kuti ndi LAD-I, matenda osowa CD18, gawo limodzi la LFA-1. Kawirikawiri imakhala ICAM-1 imene sinamatire papuleti kapena inasungunulidwa n'kuumitsidwa kambirimbiri. Ikani maselo a munthu wathanzi papuleti yomweyo, ndipo CD18 muiyeze padera ndi flow cytometry, njira yoyezera selo iliyonse payokha ndi kuwala.