Markdown, RST kapena AsciiDoc, musankhe iti polemba ma docs okhala ndi code?

Zitatuzi ndi njira zolembera ma docs mu file ya text wamba. Musanasankhe, dzifunseni kaye kuti code imene muzionetsa m'ma docs mwanumo izichokera kuti.

Ngati ndi README imodzi ya kaproject kakang'ono pa GitHub, musavutike, tengani Markdown. John Gruber anaitulutsa mu 2004 ndipo pano pafupifupi aliyense amaidziwa. Code mumaitsekera ndi ma backtick (kachizindikiro aka `) atatu pamwamba, atatu pansi, pa oyambawo mulembepo python kapena java kuti mitundu ituluke. Kungoti Markdown ilipo yamitundumitundu, table yooneka bwinobwino pa GitHub kwina imakaphwasuka, ndiye onani ngati tool yanu imatsata CommonMark yokha (malamulo a Markdown wamba) kapena GFM (Markdown ya GitHub).

Mavuto amayamba ma docs akakula. Mwakopera function mwaiika pa tsamba, pakapita miyezi mnzanu waisintha koma tsamba lija lili chikhalire, ndiye wina amene akungophunzira kumene wakopera, wayesa, error, n'kuyamba kudzikayikira yekha kuti mwina mutu wake sukugwira pomwe olakwa ndife olembafe. Zimenezi zimandiwawa kwabasi. Code izitengedwa kuchokera mu file yeniyeni imene imayenda, osati kuilemba kawiri.

Apa ndi pomwe reStructuredText (RST ija) ndi Sphinx (tool imene imasandutsa RST kukhala masamba a ma docs) amaposa. Mukalemba `.. literalinclude:: app.py` n'kuonjezera `:pyobject: login` pansi pake, ikukatengerani function imeneyo yokha, komanso pali extension ya doctest imene imayendetsa zitsanzo zanu n'kukuuzani zikafa. Ma docs a Python amalembedwa chonchi, a Linux kernel nawo anasamukira komweko mu 2016. Koma RST siikhululuka pa ma space, mukasemphanitsa pang'ono block yonse yasokonekera, masiku oyamba mudandaula ndithu.

AsciiDoc nayo imatha zomwezi ndi `include::App.java[tag=login]`, ndipo ili ndi ma callout, mumaika `<1>` kumapeto kwa mzere wa code n'kuufotokoza m'munsi. Pa ma tutorial aatali ine ndimakonda imeneyi. Ma docs a Git ali mu AsciiDoc.

Nanga anzanu akakana kusiya Markdown? Musakangane nawo, ikani MyST, extension ya Sphinx, azilemba Markdown yawoyo koma mkati mwa Sphinx, literalinclude ija izigwirabe.

Musanamange mfundo tengani tsamba lanu lovuta kwambiri, lija lokhala ndi table, ma link ndi code yaitali, mulilembe m'njira ziwiri n'kupanga build (kuyendetsa tool kuti itulutse masamba omaliza). Kenako sinthani dzina la function mu code, mupangenso build, muone njira imene yakuchenjezani.