Momwe mungakonzere malamulo a kubisala ndi kudzitchinjiriza pa masewera a Dungeons & Dragons ndi ena otere

Pa masewera a patebulo amene aliyense amakhala munthu wa m'nkhani ndipo dayisi ndiye amagamula, mkangano umabuka kawirikawiri wosewera akanena kuti wabisala pomwe woyendetsa masewera akuti mdani akumuonabe. Gulu lililonse lili ndi ufulu wodzikonzera malamulo ake, bola agwirizane masewera asanayambe, osati mivi ili kale m'mwamba.

Yambani ndi kusiyanitsa chotchinga chimene chimaimitsa muvi ndi chimene chimangophimba maso, chifukwa chisokonezo chonse chimachokera pamenepa. Khoma la miyala limachita zonse ziwiri. Chifunga, utsi, mdima ndi udzu wautali zimabisa munthu, koma muvi umadutsa bwinobwino. Zenera la galasi lokhuthala likhoza kuimitsa mwala, komabe woima kuseri kwake akuonekera yense. Choncho pa chinthu chilichonse funsani kawiri: kodi chimateteza thupi, nanga chimabisa?

Mukatero, sankhani manambala a zotchinga ndipo musawasinthesinthe. Mu Dungeons & Dragons ya 2014, munthu wotchingidwa theka la thupi amawonjezera 2 pa Armor Class (nambala imene woukira ayenera kufikira kuti amulase), wotchingidwa magawo atatu mwa anayi amawonjezera 5, ndipo wotchingidwa thupi lonse sangalozedwe mwachindunji. Pathfinder yachiwiri, masewera ena otere amene kampani ya Paizo inatulutsa mu 2019, imapereka 1, 2 kapena 4. Ine ndimakonda ya 2014, popeza palibe amene amafunika kutsegula buku kuti aikumbukire. Chimene mabuku amasiyira inu ndicho kugamula za zinthu wamba, ndiye lembani zitsanzo zanu: mbiya yaikulu ndi theka, kabowo koponyera mivi pa linga ndi magawo atatu mwa anayi.

Za chifunga ndi mdima pali njira zingapo, ndipo mutenge imodzi yokha. Malamulo a Dungeons & Dragons a 2003 ankati woukira munthu wosaoneka bwino amaphonya ka 20 pa 100, ndipo ngati sakumuona n'komwe, ka 50 pa 100. A 2014 amangoti woukira munthu amene sakumuona aponye madayisi awiri n'kutenga nambala yaing'ono, zomwe zimafulumizitsa nkhondo.

Tsopano gwirizanani za nthawi yoponya dayisi ya Stealth (luso la kubisala ndi kuyenda mwakachetechete), ndipo apa ndi pofunika kudekha. Wosewera akanena kuti akunyang'ama m'khonde la nyumba ya mfumu, musamuuze aponye pomwepo, chifukwa akaona nambala 3 amabwerera m'mbuyo ngati kuti munthu wake wadziwa kuti walephera. Dikirani mpaka mlonda atulukire pakona atanyamula nyali, ndipo pamenepo wosewerayo aponye, inu muyerekeze zimene waponya ndi Passive Perception (nambala ya tcheru) ya mlondayo, yomwe ndi 10 kuphatikiza luso lake la kuona ndi kumva. Ngati mlonda akusinza, chotsanipo 5; ngati wamva kale chitseko chikulira, wonjezerani 5. Malamulo a Dungeons & Dragons okonzedwanso mu 2024 anaika mlingo wa 15 woti aliyense wofuna kubisala aufikire poponya dayisi, koma kwa ine mlonda watcheru ndi woledzera sayenera kukhala ofanana.

Nenaninso momveka zimene zimathetsa kubisala. Woponya muvi ali pobisalira amapeza mwayi pa kuukira koyambako, koma malo ake adziwika, kaya walasa kaya waphonya. Funso limene limavuta ndi la munthu wothamanga kuchoka kuseri kwa mzati wina kupita kwa wina. Ndimalola kuti akhalebe wobisika ngati akafika pa chotchinga china nthawi yake yosewera isanathe ndiponso adani atanganidwa ndi nkhondo.

Gulu lonse likamazemba pamodzi, wovala zida zachitsulo zolemera asawonongere anzake nthawi zonse: onse aponye, ndipo theka likapambana, gulu ladutsa.

Pomaliza, lembani zonsezi pa tsamba limodzi, aliyense akhale nalo, ndipo muuze osewera kuti adani nawonso adzabisala ndi malamulo omwewa. Ayeseni masewera awiri kapena atatu, ndipo lamulo limene laimitsa masewera kuti anthu akambirane tanthauzo lake, lilembeninso ndi mawu ochepa musanakumanenso.