Momwe mungapangire tizidutswa ta siliva topha mabakiteriya pogwiritsa ntchito chuku

Chuku chili ndi luso lomwe ambiri salidziwa. Chikakumana ndi siliva wosungunuka m'madzi, chimamusandutsa tizidutswa ting'onoting'ono tomwe asayansi amatitcha nanoparticles. Kukula kwake ndi pakati pa nanomita 1 ndi 100, pomwe tsitsi limodzi la munthu n'lonenepa mananomita pafupifupi 80,000. Mu 2001, akatswiri a ku National Chemical Laboratory mumzinda wa Pune ku India, ena mwa iwo Murali Sastry ndi Absar Ahmad, anaonetsa kuti chuku chotchedwa Verticillium chimapanga tizidutswati mkati mwa thupi lake. Mu 2003 anapeza njira yosavutirapo: chuku cha Fusarium oxysporum chimatulutsira m'madzi zinthu zogwira ntchitoyi, moti tizidutswato timapangikira kunja, posavuta kutitolera. Njira yachiwiriyi ndi yomwe tifotokoze pano.

Ubwino wake ndi woti simufunika mankhwala amphamvu ngati sodium borohydride. Ma enzyme a chukucho (mapuloteni ofulumizitsa kusintha kwa zinthu), makamaka wotchedwa nitrate reductase, amathandiza kusintha silivayo, ndipo mapuloteni ake amakuta kachidutswa kalikonse kuti tisamatane. Komatu iyi ndi ntchito ya m'labotale, yofuna magolovesi, magalasi oteteza maso ndi makina ophera tizilombo a autoclave. Si yoyesera kunyumba.

Yambani ndi kusankha chuku

Osangopala chilichonse chomwe chamera pakhoma n'kumati mwapeza. Tengani chuku chodziwika dzina kuchokera kumalo osungirako mbewu za tizilombo. Ine ndimalimbikitsa mitundu ya Trichoderma, monga T. harzianum kapena T. viride, chifukwa imakula msanga ndipo kawirikawiri siidwalitsa anthu athanzi. Fusarium oxysporum amagwira bwino ntchito, koma mitundu yake ina imafotetsa nthochi ndi tomato, ndiye akathawira kunja mwaputa mlandu. Aspergillus fumigatus nayenso anayesedwapo, koma amalowa m'mapapo a anthu omwe chitetezo cha m'thupi chatsika. Wongoyamba kumene amusiye.

Chilereni mpaka chichuluke

Dzalani chukucho pa mbale ya potato dextrose agar (chakudya cholimba chomeretserapo chuku), chikule kwa masiku asanu kapena kuposerapo pa kutentha kwa madigiri 25 mpaka 28. Kenako dulani tizigawo tingapo m'mphepete momwe chikukula mwamphamvu, n'kuika m'botolo lagalasi muli chakudya chamadzi cha potato dextrose broth chomwe mwachiphika kale mu autoclave pa madigiri 121 kwa mphindi 15. Botololo likhale pa makina ogwedeza, pa liwiro la maulendo 120 mpaka 150 pa mphindi, kwa masiku atatu kapena anayi. Mukaona timibulu toyera tikusambira m'madzi osada, zikuyenda. Madzi akachita mbuu n'kumanunkha, mwalowa mabakiteriya; phani zonsezo mu autoclave n'kuyambiranso.

Tsukani, kenako viikani

Apa ndi pomwe ambiri amathamangira, chonsecho zotsatira zonse zagona pamenepa. Sefani chukucho ndi pepala losefera la Whatman nambala 1, ndipo chitsukeni katatu ndi madzi otchezedwa. Mukasiya chakudya chija, shuga ndi michere yotsaliramo zimatha kusintha silivayo pazokha, inu n'kumayamikira chuku pa ntchito yomwe sichinagwire.

Yezani magalamu 10 a chuku chonyowacho, muviike m'mamililita 100 a madzi otchezedwa, n'kubwezera pa makina ogwedeza kwa masiku awiri kapena atatu. Chikasowa chakudya chimapitirizabe kutulutsa ma enzyme ndi mapuloteni m'madzimo. Sefaninso. Tsopano chofunika ndi madziwo. Chukucho chamaliza ntchito yake.

Madzi a pampopi asayandikire ntchitoyi, ngakhale potsukuluza mabotolo komaliza. Amakhala ndi chloride, yemwe akangokumana ndi siliva amapanga matope oyera a silver chloride, siliva wanu n'kuthera pansi pa botolo.

Thirani siliva

Mankhwala ake ndi silver nitrate. Muyezo womwe ambiri amayambira ndi 1 mM, kutanthauza mamiligalamu 17 m'mamililita 100 aliwonse a madzi a chuku aja. Kuyeza kochepa chonchi n'kovuta, choncho ndi bwino kusungunula wochulukirapo padera n'kutapako ndi pipette, kachubu kotapira madzi ochepa moyeza. Akakugwerani pakhungu amasiya banga lakuda lochedwa kuchoka, ndipo m'maso amawononga.

Kutani botololo ndi pepala la aluminiyamu kuti kuwala kusalowe, chifukwa kuwala nakonso kumasintha siliva. Pambali pake ikani mabotolo ena awiri: lina la madzi a chuku okha opanda siliva, lina la silver nitrate m'madzi otchezedwa opanda chuku. Mabotolo awiriwa ndi mboni zanu. Popanda iwo palibe yemwe angakhulupirire zomwe mwapeza, ndipo inunso musazikhulupirire.

Kenako dikirani. Madziwo amayamba achita chikasu chotuwa, n'kumka nadera mpaka kufika pa bulawuni. Kwa chuku china zimachitika m'maola ochepa, kwa china zimatenga masiku atatu. Mabotolo a mboni aja asasinthe mtundu. Akasintha, pali chomwe chalakwika.

Mtundu wokha si umboni

Madzi a bulawuni amasangalatsa maso, koma chuku china chimatulutsa utoto wakewake. Tapaniko pang'ono muike mu makina a spectrophotometer, oyeza kuwala komwe madzi akumeza, muyeze kuwala kuyambira nanomita 300 mpaka 700. Tizidutswa ta siliva timameza kuwala kwambiri pakati pa 400 ndi 450, nthawi zambiri cha m'ma 420. Mzere womwe makinawo ajambula ukakwera mosongoka pamenepo, tizidutswato n'tofanana kukula. Ukakhala wotambalala kapena wosendera kumanja, ndiye kuti n'tosiyanasiyana kapena tayamba kumatana. Zikatero sinthani chinthu chimodzi pa nthawi: kutentha, pH (muyezo wa asidi m'madzi) kapena kuchuluka kwa siliva. Mukasintha zonse pakamodzi simudzadziwa chomwe chathandiza.

Kuti muone kukula ndi maonekedwe enieni pamafunika maikulosikopu ya TEM, ndipo makina a XRD ndi omwe amatsimikiza kuti ndi siliva weniweni osati silver chloride. Malabotale ambiri alibe makinawa, amatumiza zoyesazo kwina.

Tsukani tizidutswato musanatiyese

Zunguzani madziwo mu centrifuge, makina ozungulira mwamphamvu, pa liwiro la maulendo 10,000 pa mphindi kapena kuposerapo kwa mphindi 15 mpaka 20. Pansi padikha kadontho kakuda. Tsanulani madzi a pamwamba, thirani ena otchezedwa, sakanizani, zunguzaninso, mpaka katatu. Chifukwa chake n'chachikulu: silver nitrate yemwe sanasinthe amapha mabakiteriya payekha, mwamphamvunso. Mukapanda kumuchotsa, mbale yanu ionetsa zotsatira zokongola zomwe si za tizidutswa tanu. Sungani zomwe mwatsukazo m'botolo lakuda mufiriji.

Yesani pa mabakiteriya

Gwiritsani ntchito mitundu iwiri yosiyana khungu, Escherichia coli ndi Staphylococcus aureus. Sungunulani mabakiteriyawo mpaka muyezo wa 0.5 McFarland (muyezo wa kuchuluka kwa mabakiteriya m'madzi), muwapake pa mbale ya Mueller-Hinton agar (chakudya cholimba chomeretserapo mabakiteriya), n'kuboola timaenje. M'dzenje loyamba thirani tizidutswa ta siliva, lachiwiri madzi a chuku okha, lachitatu silver nitrate, lachinayi mankhwala odziwika opha mabakiteriya. Dzenje lachiwirilo musalidumphe, paja chuku chambiri chimapanga chokha mankhwala olimbana ndi mabakiteriya. Penicillin anachokera ku chuku cha Penicillium.

Ikani mbaleyo pa madigiri 37 kwa maola 18 mpaka 24, kenako yezani ndi rula bwalo loyera lozungulira dzenje lililonse, momwe mabakiteriya alephera kumera. Bwerezani katatu. Bwalo la tizidutswa likachepa musagwe ulesi, chifukwa timayenda pang'onopang'ono mu agar. Muyezo wodalirika ndi wa MIC, pomwe mumasungunula tizidutswato mochepera-chepera m'chakudya chamadzi mpaka kupeza mlingo wochepetsetsa woletsa mabakiteriya kukula. S. aureus nthawi zambiri amalimbirako kuposa E. coli chifukwa cha khungu lake lochindikala.

Tizidutswati timapha m'njira zingapo nthawi imodzi: timamatirira pakhungu la bakiteriya n'kuliwononga, timatulutsa siliva wosungunuka pang'onopang'ono yemwe amamanga mapuloteni ake okhala ndi sulufule, komanso timayambitsa mitundu ya okosijeni yowononga mkati mwa selo. Koma kupha mabakiteriya pa mbale sikutanthauza kuti mwapanga mankhwala. Musamwe, musapake pa bala. Siliva akaunjikana m'thupi amabweretsa vuto la argyria, khungu n'kusanduka lotuwa mosakanikirana ndi buluu kwa moyo wonse, ndipo mu 1999 bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linagamula kuti mankhwala a siliva wotere ogulitsidwa popanda chilolezo cha dokotala sakudziwika kuti ndi otetezeka kapena othandiza.

Zotsala

Chuku chonse, mapepala osefera ndi mbale za mabakiteriya zilowe mu autoclave musanazitaye. Madzi alionse okhala ndi siliva asapite mu sinki, chifukwa amapha nsomba ndi tamoyo ta m'madzi ngakhale atachepa. Asonkhanitseni m'botolo limodzi lolembedwa bwino, thiranimo mchere kuti siliva wosungunuka adikhe pansi, ndipo botololo liperekedwe kwa oyang'anira zinyalala za mankhwala pa labotale yanu.